Nyanja Yopanda Asodzi ya Mark Trail

M'nyuzipepala za ku America mumatuluka nthano ya m'zithunzi yotchedwa Mark Trail. Anaiyamba ndi Ed Dodd m'chaka cha 1946, Jack Elrod anailandira mu 1978, ndipo mu 2020 inalowa m'manja mwa mayi Jules Rivera. Mwini nkhani, Mark, ndi mlembi wa magazini ya zachilengedwe wokhala m'nkhalango ya Lost Forest ndi galu wake Andy. Maulendo ake ambiri amamufikitsa ku nyanja yakutali. Amanyamuka ndi mbedza, nakumana ndi anthu oononga chilengedwe, nawagonjetsa. Tsono funso lathu, owerenga okondedwa, ndi ili: kodi nthano yotere ingamthandize mphunzitsi wa sukulu ya akulu ku Tsangano kapena ku Furancungo?

Tiyambe ndi zokoma zake. Tsiku lililonse pamatuluka tizithunzi tiwiri kapena titatu, mawu ndi owerengeka. Munthu amene akuyamba kumene kulumikiza zilembo sagwa mphwayi, pakuti pamene liwu lamukanika chithunzi chimamugwira dzanja. Nyama ndi nsomba zimajambulidwa mosamala, ndipo tsamba la Lamulungu limaphunzitsa za moyo wa zolengedwazo. Anthu akumeneko anaikonda ndithu, mpaka mu 1991 nkhalango ina ya ku Georgia inapatsidwa dzina la Mark Trail.

Koma ife tikaiyang'ana nyanja ya Mark timadabwa. Anthu ali kuti? Palibe mudzi pagombe, palibe thandala loyanikapo nsomba, palibe mayi wodikira bwato ndi dengu pamutu. Kwa Mark kuwedza ndi masewera basi. Nsomba ikapanda kudya nyambo, iye sagona ndi njala. M'masiku a Elrod woipa ankadziwika msanga, kawirikawiri ndi ndevu zake, ndipo nkhonya imodzi inkatha mlandu wonse.

Nyanja zathu sizitero. Kuno kumapiri timalima mbatatesi ndi tirigu, koma ndiwo ya nsomba imatichokera kutali, yophulidwa ndi manja a anzathu. Nyanja ya Cahora Bassa inayamba kudzaza damu litatsekedwa mu 1974. Kapenta wake anatsika ndi Zambezi kuchokera ku Kariba, kumene anathiridwa mu 1967 ndi 1968 atatengedwa ku nyanja ya Tanganyika, ndipo asodzi amamupha usiku ndi nyali. Nyanja ya Chilwa ku Malawi itauma mu 1995, matemba anasowa, ndipo mabanja ochuluka anataya podyera. Izi ndiye nkhani zokhala ndi ulendo, mantha ndi misozi, zoposa za Mark.

Nanga woononga kwathu kuno ndani? Si mlendo wandevu ayi. Ndi mnansi wathu amene amathira katupe m'dziwe la mtsinje wa Revubwe, kupha nsomba ndi tiana tomwe. Ndi mlamu wathu amene wasandutsa neti ya udzudzu kukhala khoka. Akulakwa, inde, koma kunyumba ana akumulirira ndiwo. Mlandu wotere sutha ndi nkhonya. Umafuna pabwalo la amfumu, kuti anthu amvane nyengo yoleka kuwedza, amvanenso za maso a ukonde. Nthano yophunzitsa kuti woipa amachokera kunja imatibisira nkhope yathu yomwe.

Akuluakulu amati mlendo ndi amene amadza ndi kalumo kakuthwa. Kalumo ka Mark Trail ndi kakonzedwe kake: zithunzi zochepa, mawu afupi, nkhani yopitirira mawa. Chimenecho titenge, nyanja yakeyo timusiyire mwini. Mphunzitsi ali ndi choko angathe kujambula mabokosi atatu pabolodi: loyamba bambo akutchera mono, lachiwiri wina akusinja katupe kumtunda kwa mtsinje, lachitatu awiriwo akumana. Mawu otuluka m'kamwa mwawo alembe ophunzira eni ake. Pamenepo adzaphunzira zilembo, ndipo adzakangananso za mtsinje umene adzukulu awo adzawedzemo.