Sewero Si Ulaliki

Ine ndimaona kuti Izeki ndi Jakobo, akatswiri a Kwathu Drama Group aja, adaumba khalidwe lathu kuposa masewero ambiri olipiridwa ndi mabungwe. John Nyanga ndi Eric Mabedi sankatiloza chala. Iwo ankangovala umbombo, bodza ndi ulesi wathu, ife n'kumaseka mpaka misozi. Pobwerera kunyumba m'pamene tinkazindikira kuti amene timamuseka uja ndi ife tomwe.

Masiku ano masewero ambiri amayamba ndi uthenga wa mwini ndalama, nkhani n'kubwera pambuyo. Wosewera amasanduka chikwangwani choyankhula. Anthu amawomba m'manja, koma mtima osakhudzidwa.

Nyanga adatisiya mu 2016, Mabedi mu 2021. Alembi otsalafe tisaiwale kuti Mmalawi amamva msanga akaseka kusiyana ndi akakalipidwa.