Wophunzitsa Chichewa Amayesedwa M'Chingerezi

Mayunivesite aboma akafuna aphunzitsi amalengeza m'nyuzipepala, ndipo zofunika zake n'zodziwika kale: digiri yachiwiri kapena yachitatu, komanso zolemba za kafukufuku zotuluka m'magazini a akatswiri. Enanso ndi achinyamata okhoza bwino digiri yoyamba, omwe amatengedwa n'kutumizidwa kukawonjezera maphunziro. Pa masamu, kapena pa zaulimi ku Bunda, ine ndilibe nazo mlandu njira zimenezi. Dandaulo langa lili pa mpando wa wophunzitsa zolembalemba za m'Chichewa.

Wofuna mpando umenewu amalemba kalata m'Chingerezi, mafunso amayankha m'Chingerezi, ndipo kafukufuku amene amamukweza pa ntchito amakhalanso wa m'Chingerezi. Chomwe chayesedwa pamenepa ndi luso lake lofotokozera akunja za chiyankhulo chathu. Luso limenelo n'labwino ndithu, koma mwana wochokera kuno ku Lifupa amene akufuna kudzalemba nthano zake akusowa munthu wodziwa pomwe chiganizo cha Chichewa chatsimphina, pomwe mwambi waikidwa mokakamiza.

Alimi a fodya amadziwa kuti wogula ku Chinkhoma sakhutira ndi tikiti ya pabelo. Amapisa dzanja, n'kusolola masamba, n'kuwaona yekha. Ndikanakhala m'gulu lofunsa mafunso ndikanatero: ndikanam'patsa munthuyo Nthondo, buku la Samuel Nthara la 1933, kuti aphunzitse mutu umodzi m'Chichewa kwa mphindi 20, ophunzira ali pomwepo. Ndipotu Nthara mwiniwakeyo, amene anali mphunzitsi wa mishoni ya Nkhoma, kalata yake ikanatayidwa lero pa kusefa koyambirira, chonsecho mabuku ake ndiwo ena atengerapo madigiri.

Khalidweli lili ndi mizu m'boma lathu lomwe lino la Kasungu. Dr. Banda, yemwe boma lake linakweza Chichewa kukhala chiyankhulo cha fuko mu 1968, anatsegula Kamuzu Academy ku Mtunthama mu 1981 ndi aphunzitsi achizungu okhaokha, ana n'kumaphunzira Chilatini ndi Chigiriki. Inali sekondale, inde, koma dziko lonse linamva uthenga wake wa yemwe ayenera kugwira choko.

Mu 2021 Yunivesite ya Malawi inagawidwa, Polytechnic ndi makoleji azaumoyo n'kuima paokha. Otsala ku Zomba, komwe amaphunzitsa ziyankhulo za mu Africa, ali ndi khonsolo yawoyawo, ndipo kuwonjezera mzere umodzi pa chilengezo cha ntchito, wakuti wofunsira adzaphunzitsa m'Chichewa pamaso pa omufunsa, sikulira ndalama ya boma.