Mbalame ya Sikusinja ilibe alamu

Nkhani ya Sikusinja ndi Gwenembe, monga anailembera J.W. Gwengwe, ambirife timaidziwa. Gwenembe akupha mbale wake panjira chifukwa chosirira chuma chomwe mnzakeyo anakhetsera thukuta, kenako kambalame n'kumulondola ndi nyimbo mpaka kumudzi, chinsinsi n'kuululika. Ndi nkhani yokoma, sindikuinyoza ayi. Koma ngati phunziro la khalidwe, ineyo ndimaona kuti imatipeputsira zinthu mopitirira muyeso.

Taonani. M'nkhaniyi woipa ndi woipiratu, wabwino alibe banga. Ndipo ntchito yowawa kwambiri, youlula mlandu, yapatsidwa kwa mbalame. Mbalame ilibe alamu. Sidzakumana ndi amake a Gwenembe kuchigayo, ndipo sida nkhawa kuti maliro akagwa pakhomo pake adzukulu abwera kapena ayi. Imangoyimba, basi n'kuuluka.

Kuno ku Mwanza mbalameyo ndi inu ndi ine. Aliyense woyenda pamsewu wa M6, wochokera ku Blantyre kupita kuchipata cha Zobue, amawaona matumba a makala m'mbali mwa msewu. Lamulo la zankhalango linakhwimitsidwa mu 2020, ndipo kuotcha makala popanda chilolezo ndi mlandu. Tsono tiyerekeze kuti neba wanu, mayi wamasiye, akuotcha makala m'nkhalango ya Thambani kuti alipire fizi ya mwana wa Fomu 3. Abwera a zankhalango, akufunsani ngati mukumudziwa wootchayo. Muyankha chiyani?

Mabuku a filosofi omwe tinawerenga kuyunivesite ali ndi njira zake. Immanuel Kant angati bodza ndi bodza, ngakhale ulinenere chifundo. John Stuart Mill angati yezani zotsatira: mbali ino mwana mmodzi akhalebe pasukulu, mbali inayo phiri liyere mbee, mitsinje ya midzi ingapo iphwe. Umunthu wathu ungati kali kokha n'kanyama, mnzako sumupereka. Komatu umunthu womwewo suthera pa nebayo. Mayi wina uja amene akuyenda mtunda wautali kufuna nkhuni ndi madzi chifukwa mitengo inatha, nayenso ndi munthu.

Palibe njira mwa zitatuzi imene ingakuyankhireni. Chomwe zimachita n'kukuonetsani amene mwamuiwala powerengera. Kwa ine, kunama sikuyenera, koma kuulula n'kutembenuka kumapita ngati mbalame sikukwaniranso. Munthu amene wasankha kunena zoona ali ndi ngongole kwa mayiyo: ayambe walankhula naye maso ndi maso, apite naye kwa amfumu, afunse nawo kubanki m'khonde za fizi ija. Zimenezi n'zolemera, ndipo mwina moni wa m'mawa atha kwa miyezi.

Apa ndiye pamene nkhani ya Gwengwe imatisiya tokha, pamodzi ndi nkhani zambiri zachidule zomwe olemba anzanga tikutulutsa masiku ano: wakuba amangidwe, wachiwerewere adwale, phunziro lithere pompo. Nanga bwanji akanakhala mlongo wake wa Gwenembe amene anaona zonse ali kuseri kwa chitsamba? Mchimwene mmodzi wafa kale; akaulula, ataya wachiwiri, ndipo amake atsala opanda mwana wamwamuna. Akakhala chete, azidya nsima yogulidwa ndi magazi. Buku la mlongo ameneyo ndi limene ndikufuna kuwerenga m'Chichewa. Alembi, kodi alipo walilemba?