Manja a James Cyriax pa Phewa Lowawa

Wodwala akaloza pakati pa phewa ndi chigongono n'kunena kuti "pakundiwawa apa," dzanja la womuyeza limathamangira pomwepo. Amadina, wodwala n'kukuwa, onse n'kukhutira kuti malo apezeka. James Cyriax, dokotala wa pa St Thomas' Hospital ku London, chipatala chomwe chili m'mbali mwa mtsinje wa Thames moyang'anizana ndi Nyumba ya Malamulo, ankaletsa ophunzira ake kuyamba choncho. Kwa iye kudina kunali komalizira, ndipo nthawi zina kunali kosafunika n'komwe.

Ankadziwa kuti ululu wochokera m'kati mwa thupi umasokeretsa. Mu 1938, pa University College Hospital mumzinda womwewo, Jonas Kellgren ankabaya madzi a mchere wambiri m'minofu ya anthu odzipereka, ndipo ululu unkamveka kutali ndi pomwe singano yalowa. Vuto la m'chiuno limatha kumveka pabondo, la m'khosi n'kutsikira kumkono. X-ray imaonetsa bwino fupa, koma mnofu ndi mtsempha ayi, ndipo masiku amenewo kunalibe MRI. Wamafupa osathyoka ankangouzidwa kuti ndi nyamakazi, n'kumuthowa, n'kumusisita, basi.

Nzeru ya Cyriax inali yogawa ziwalo zofewa pawiri. Pali zomwe zimakoka munthu akafuna kusuntha, ndizo minofu ndi mitsempha yake yogwira kufupa. Pali zina zomwe sizikoka zokha koma zimangotamuka, monga kathumba kokuta polumikizana mafupa ndi timitsempha tomanga fupa ku fupa linzake. Ankazifunsa monga imachitira mfumu yodziwa milandu, yomwe silola mboni zonse kuyankhulira pamodzi koma imaitana imodziimodzi.

Poyamba wodwala akweze yekha mkono. Apa zonse zikugwira ntchito, choncho dokotala amangoona pomwe mkono ukulekezera ndi momwe munthuyo akuopera. Kenako wodwala alefule mkono, dokotala aukweze ndi kuupotoza yekha. Minofu yapuma tsopano, ndiye ululu ukabwera, maso amapita ku zotamuka zija. Chachitatu ndi chomwe chimandigometsa: dokotala amagwira mkono zolimba n'kunena kuti, "Kankhani dzanja langali, koma musalole kuti mkono usunthe." Polumikizana mafupa pali duu, palibe chikutamuka, ukugwira ntchito ndi mnofu wokha. Ukakhala wamphamvu wosawawa, ulibe mlandu. Wamphamvu koma wowawa, wavulala pang'ono. Wofooka koma wosawawa ndiye wonyenga, chifukwa wodwala amaona ngati palibe choopsa, pomwe mwina mtsempha waduka wonse kapena uthenga wochokera ku ubongo sukufika. Wofooka komanso wowawa, samalani, pakhoza kukhala fupa losweka kapena china chachikulu. Paphewa, mayendedwe 12 ankamukwanira, ndipo ankafuna kuti achitike onse, mundondomeko yake, ngakhale yankho litaoneka ngati lapezeka pa lachitatu.

Palinso luso lina lomwe buku silingaike m'manja mwa munthu, lomvetsera momwe chiwalo chikuimira pamapeto pake. Wongolani chigongono chanu mpaka kumapeto: chimaima gwa, fupa lakumana ndi fupa. Chipindeni: chimaima mofewa, mnofu wakumana ndi mnofu. Zonsezi n'zabwinobwino. Koma nthawi zina dokotala akusuntha mkono, dzanja lake silinamve chotchinga chilichonse, wodwala n'kuyamba kupempha kuti alekere pomwepo chifukwa cha ululu. Cyriax ankati mapeto otere ndi opanda kanthu, ndipo ankawaopa, popeza amatha kuloza ku mafinya kapena khansa. Kuno kwathu tingaonjezepo TB ya m'mafupa. Ankaonanso kuti kathumba ka paphewa kakatupa, mayendedwe sachepa chisawawa: kupotozera mkono kunja n'komwe kumachepa kwambiri, kenako kuukwezera m'mbali, kupotozera m'kati n'kukhala komaliza.

Akafika apa m'pomwe ankadina, koma pachiwalo chokhacho chomwe chadziulula. Akakayika, ankabayapo mankhwala ochititsa dzanzi n'kubwereza kayendedwe kanawawa kaja. Ululu ukatha, wapapeza. Ukakhalapo, walakwa, ayambirenso. Kudziyesa wekha chotere pamaso pa wodwala kumafuna mtima. Chithandizo chinkapita pamalo omwewo: kutikita mozama modutsa mtsempha, kuwongola ndi manja, kapena jakisoni. Zambiri mwa izi anaziphunzitsa kwa a mafizo, omwe ankawadalira kwambiri, ndipo anazilemba m'buku lomwe linayamba kutuluka mu 1947, lodziwika pambuyo pake ndi dzina loti Textbook of Orthopaedic Medicine.

Sikuti zonse analondola. Ululu wambiri wa msana ankaunamizira timbale ta pakati pa mafupa a msana, ndipo ofufuza a pambuyo pake apeza kuti kuchepa kwa mayendedwe sikutsata ndondomeko yake nthawi zonse. Anali munthu wosagonja pamtsutso, zomwe zinam'pezetsa otsutsa ambiri pakati pa madokotala anzake. Njira yake sithetsanso zonse. Mayi amene zala za manja onse awiri zatupa, ndipo zimauma m'mawa kwa nthawi yoposa theka la ola, akufunika kuyezedwa magazi ndi kuyamba msanga mankhwala monga methotrexate, osati kutikitidwa. Bondo lotentha, lotupa, mwini wake thupi likutentha, limafuna singano yokoka madzi tsiku lomwelo.

Koma kafunsidwe kake kakadali kolimba. Cyriax anamwalira mu 1985, chaka chomwe Dr Edward Blair anayambitsa ku Blantyre maphunziro a ma clinical officer a za mafupa, omwe lero ndiwo amaona odwala mafupa ambiri m'zipatala za m'maboma. Kumeneko wopalasa kabaza wa phewa lowawa sangadikire MRI, ndipo sakufunikira kutero. Inu amene mumayeza odwala otere, musanalembe brufen, muuzeni avule malaya, akweze mkono, ndipo akankhe dzanja lanu.