Mayina a Njira ya Kumadzulo

Mbalule lankhula, mpanje vomera! Lero tikutamanda Njira, agogo a mitundu.

Ndinu Mtulutsambumba, munachotsa Amaravi ku Uluwa, dziko la Aluba, n'kuwatsitsira kunyanja. Ndinu Msenzetsa: katundu pankhata, mwana kumsana, mbewu ya mapira m'chipanda. Azungu a ku America analowera ku Oregon m'zaka za m'ma 1840 pangolo zokokedwa ndi ng'ombe. Athu anakusemani ndi zidendene za ming'alu. Ombani m'manja!

Ndinu Mdindathanthwe wa pa Kaphirintiwa, m'mapiri a Dzalanyama, pomwe akulu amati mapazi a anthu oyamba anatsalira pamwala. Ndinu Mpemphamvula wa ku Msinja, kwa Makewana, kumene ng'oma ya Mbiriwiri ikalira anthu ankadziwa kuti kukachisi kuli nsembe.

Ndinu Mgawadziko! Undi atapatukana ndi Kalonga ku Mankhamba, munamtenga pamodzi ndi Nyangu, mayi wa ufumu, kuloza kolowera dzuwa mpaka ku Mano. A Phiri anakutsatani, a Banda anakutsatani, a Mwale ndi a Mbewe sanatsale. Pogona panasanduka mudzi, pofera nkhalamba panasanduka msitu wa manda, pambali pa manda dambwe. Nthungululu, amayi!

Ndinu Wosasankhamlendo. Mu 1835 Zwangendaba anaoloka Zambezi dzuwa litada masana, ndipo zishango za Angoni zinadzadutsa pa inu. Munaona midzi ikuthawira m'malinga ndi m'mapiri, munamwa magazi, koma simunatsekeke.

Ndinu Mkanamalire. Atsamunda anakudulani pakati, uku Fort Manning, uko Fort Jameson. Lero ndi Mchinji ndi Chipata, koma malume ali tsidya lino, mphwawo tsidya ilo, maliro tilira limodzi.

Ndinu Mtengaamuna, munapereka anyamata kwa Mthandizi ndi Wenela, ku Halale ndi ku Joni. Ena anabwera ndi njinga ndi bulangete, ena anatchona, mbeta za ukwati zikuyang'ana kumsewu. Ng'oma tsika pang'ono, tiwatchule m'mitima.

Dzuka, mbalule! Ndinu Mlizangolo wa kwa Kalolo, kwa Kabudula ndi kwa Khongoni. Goli pakhosi pa nkhunzi, ngolo zikuchoka ku Nsaru, ku Mpingu ndi ku Nambuma zitalema ndi fodya, mtedza ndi chimanga. Usiku zimathamangira kuchipatala cha ku Namitete ndi mayi wapakati, mbandakucha mwana walira.

Ndinu Mbwezakwawo. Mu Ogasiti mumasonkhanitsa Achewa a Malawi, Zambia ndi Mozambique ku Mkaika, ku Katete, pa mwambo wa Kulamba kwa Kalonga Gawa Undi, gule wamkulu akutimba fumbi m'bwalo.

Ana inu, funsani agogo anu akali moyo: mudzi uno unachokera kuti, anaoloka Bua ndani, anagona pati? Mayankhowo musunge, mudzauze adzukulu. Ng'oma zonse pamodzi, tivine!