Padangokhala, Kenaka Zii

Pa 10 June 2018, mumzinda wa Los Angeles ku America, kampani yopanga magemu a pakompyuta ya Bethesda idaonetsa khamu la anthu kafilimu kosakwana n'komwe mphindi imodzi. M'kafilimuko mudalibe munthu, mudalibe nyama, mudalibe woyankhula. Kudangooneka mapiri, nkhungu ndi gombe la nyanja, nyimbo ikulira, kenaka padatuluka dzina lakuti The Elder Scrolls VI. Anthu adakuwa ndi chimwemwe. Zidali ngati gogo wanena kuti "Padangokhala," ana onse n'kuvomera kuti "Tili tonse," iye n'kungoti zii. Pofika 2025, patatha zaka 7, anawo adali akadali chikhalire pamphasa, gogo osapitiriza.

Wina afunsa kuti nkhani ya gemu ikudzatani pabwalo la anthu okonda zolembalemba. Ndiyankhe msangamsanga. Magemu a mtundu umenewu ndi nthano zimene womvera amalowamo yekha n'kukhala mpangankhani wamkulu. Amasankha dzina, mtundu ndi luso lake, kaya la lupanga, la uta, la matsenga kapena la umbava, kenaka amamusiya m'dziko lopeka lotchedwa Tamriel kuti adzionere yekha. Amayenda, amacheza ndi anthu, amalowerera milandu ya eni, ndipo akalowa m'nyumba amapeza mabuku pashelefu amene angathe kutsegula n'kuwerenga. Mabukuwo alipo mazanamazana: mbiri zakale, maulaliki, ndakatulo, ngakhale timasewero tolaula. Zonsezi adalemba ndi anthu, choncho ine ndimaziweruza monga momwe ndingaweruzire buku.

Kale Bethesda sinkachedwa chonchi. Gawo loyamba, Arena, lidatuluka mu 1994, Daggerfall mu 1996, Morrowind mu 2002, Oblivion mu 2006, ndipo lachisanu, Skyrim, pa 11 November 2011. Kuyambira pamenepo kampaniyi yakhala ikutigawira mkute. Skyrim yomweyo idagulitsidwanso mu 2013, mu 2016, mu 2017 ndi mu 2021, ulendo uliwonse itavekedwa malaya ena. Sindingawadzudzule kwambiri, poti mkutewo udali ndi msika: Todd Howard, yemwe amatsogolera ntchito ya magemuwa, adanena mu 2023 kuti makope oposa 60 miliyoni adali atagulidwa. Chaka chomwecho Phil Spencer, yemwe ankatsogolera Xbox, adauza khoti ku America kuti gawo lachisanu ndi chimodzi lidakali kutali ndi zaka 5 kapena kuposerapo. Kudikira kotere kuli ndi mtengo wake. Mayi wina wa ku America, Shirley Curry, adatchuka pa YouTube chifukwa chosewera Skyrim ali nkhalamba, ndipo mu 2019 Bethesda idajambula nkhope yake kuti adzakhale mmodzi mwa ampangankhani a gemu yatsopanoyo. Mu 2024, ali ndi zaka 88, adalengeza kuti wasiya kujambula mafilimu ake a magemu. Nkhope yake idali ikadali m'makompyuta a kampani.

Komabe kuchedwa si kumene kukundidetsa nkhawa kwenikweni. Kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo buku labwino silifunsidwa kuti lidatenga zaka zingati. Nkhawa yanga ndi yakuti mwina eni ake adaiwala chimene chidachititsa kuti nthano yawo ikhale yoyenera kuidikira.

Chinthucho chimaoneka bwino mu Morrowind. Wosewera amafika ngati mkaidi pachilumba cha Vvardenfell, dziko la phulusa, la bowa wamtali ngati mitengo, la nyumba zomangidwa m'chigoba cha nkhanu yaikulu. Pakati pa chilumbacho pali phiri lophulika moto, ndipo pakati pa nkhani yonse pali funso limodzi: adapha Nerevar ndani? Nerevar adali mtsogoleri wakale amene adafa pankhondo ya paphiripo. Ansembe a kachisi amaphunzitsa kuti adafa ndi mabala a kunkhondo. Mafuko oyendayenda a m'chipululu cha phulusa amati ayi, adamupha ndi aphungu ake atatu, Vivec, Sotha Sil ndi mkazi wake Almalexia, amene pambuyo pake adadzisandutsa milungu imene kachisiyo amapembedza. Pali ansembe ena ogalukira amene amabisa zolemba zawo poopa kugwidwa. Vivec mwini wake, ukakumana naye, amakupatsa mbali yake mokoma ndi mwanzeru. Koma m'maulaliki ake 36, amene adalemba ndi Michael Kirkbride, zilembo zoyambirira za ndime za ulaliki womaliza ukaziphatikiza zimaulula kuti padachitika kuphana. Gemu imatha osakuuza kuti woona ndi uti.

Apa ndi pamene ndimavula chipewa. Olemba ake adakana kukhala mfotokozankhani wodziwa zonse. Adalemba mboni zambirimbiri, aliyense ndi bodza lake, mantha ake ndi phindu lake, n'kusiya wowerenga akhale nyakwawa pabwalo. Aliyense amene adakhalapo pamlandu wa malire a munda, n'kumva mbumba ziwiri zikufotokoza za agogo amodzi omwewo mosiyana, amadziwa kuti mbiri imayenda chotero. Kale silimabwera loyera ngati ufa wosefa.

Skyrim idasungako luso limeneli, ngakhale pang'ono. Mumzinda wa Whiterun muli mayi wina wogwira ntchito panyumba ya alendo, dzina lake Saadia. Asilikali ochokera kwawo ku Hammerfell akumufunafuna. Iye amati ndi mwana wa banja lachifumu amene adathawa chifukwa adadzudzula adani a dziko lake, ndipo anthuwa atumidwa kuti amuphe. Mtsogoleri wa asilikaliwo, Kematu, amati mayiyu adagulitsa mzinda wa Taneth kwa adaniwo ndipo akufunika kukayankha mlandu. Umboni wogwirika palibe. Wosewera amasankha kupereka mayiyo kapena kupha Kematu, amalandira ndalama zake, n'kumapita ali ndi chikumbumtima chosakhazikika. Anthu akhala akukangana za Saadia kwa zaka zoposa 10, pamene zinjoka zazikulu zimene zidali pachikuto cha gemuyi n'zochepa zimene amazikumbuka mayina. Nkhondo yapachiweniweni ya m'gemuyi nayonso idalembedwa ndi mtima womwewo. Ulfric Stormcloak akumenyera ufulu wopembedza mulungu wake Talos, amene ufumu waukulu udaletsa pofuna kusangalatsa adani ake, koma mumzinda wake womwe alendo a khungu lotuwa amawatsekera kudera lonyansa. Womenyera ufulu ndi watsankho ali m'thupi limodzi.

Tsono tiyeni tione kumene madzi akhala akulowera. Mu Morrowind mudali maluso 27 oti munthu aphunzire. Mu Oblivion adatsala 21. Mu Skyrim 18. Kuchepa kwa manambala pakokha si tchimo, koma kudayendera limodzi ndi kuchepa kwa chikhulupiriro mwa wowerenga. Mu Morrowind munthu akakutuma amakulongosolera njira ndi mawu, kuti utsate mtsinje, ukhotere pamlatho, ufunse uje, ndipo ukapanda kumvetsera umasochera. M'magawo otsatira adaika kamuvi kolozera kumene ukupita, moti ungathe kumaliza nkhani osamva liwu limodzi la zimene wauzidwa. Mu Morrowind ungathe kupha munthu wofunika pankhaniyo, gemu n'kungokuchenjeza kuti wadula ulusi wa ulosi, zako izo. Mu Skyrim munthu wotere ukamukantha amangogwada, n'kudzukanso ngati palibe chachitika. Ichi ndi chizindikiro cha mlembi amene wayamba kuopa omvera ake.

Choopsa kwambiri chidaoneka mu September 2023, pamene Bethesda idatulutsa Starfield, gemu ya m'mlengalenga imene idadya zaka zambiri zimene tinkadikira. Adalonjeza mapulaneti oposa 1,000 ndi mizere ya zoyankhula yoposa 250,000, kuyerekeza ndi pafupifupi 60,000 ya Skyrim. Lonjezolo adalisunga. Koma palibe gulu la anthu limene lingalembe maiko 1,000 ndi manja, choncho gawo lalikulu adasiyira makina kuti azimwaza malo. Zotsatira zake zidali zakuti munthu amatera papulaneti ina n'kupeza nyumba yomwe adaiona kale kwina, mitembo itagona momwemo, timakalata tili ndi mawu omwewo. Mu Skyrim, ukalowa m'phanga n'kupeza mafupa a munthu pambali pa kalata yosamaliza, umadziwa kuti wina adakhala pansi n'kuganizira imfa imeneyo. Ukaipeza kachitatu pamalo atatu osiyana, imfayo yasanduka katundu wa mufakitale. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Chodabwitsa n'chakuti Bethesda idaphunzirapo kale phunziro limeneli. Daggerfall ya 1996 idali ndi dziko lalikulu zedi lopangidwa ndi makina, midzi zikwizikwi yofanana ngati mazira. Morrowind idabwera ndi kadziko kakang'ono kolimidwa ndi khasu, ndipo ndi iyo idapulumutsa kampaniyo pamavuto a zachuma. Kuona anthu omwewo akubwereranso kumunda waukulu wosapalira patatha zaka zoposa 20 sikulimbitsa mtima.

Za ndalama ndingodutsapo. Mu 2021 Microsoft idamaliza kugula ZeniMax, kholo la Bethesda, pamtengo wa madola 7.5 biliyoni. Wogula ng'ombe pamtengo wotere amafuna mkaka wambiri, ndipo mkaka wambiri umafuna gemu yosakhumudwitsa aliyense, yosasocheretsa aliyense. Mu 2024 Microsoft yomweyo idatseka Arkane Austin, imodzi mwa nthambi za banjali. Ena mwa akuluakulu amene adaumba Skyrim, monga Bruce Nesmith, adachoka kale. M'zaka zomwezi anzawo sadagone. The Witcher 3 ya ku Poland mu 2015, Elden Ring ya ku Japan mu 2022 ndi Baldur's Gate 3 ya kampani ya Larian ya ku Belgium mu 2023 zidaonetsa kuti anthu mamiliyoni amalandira nkhani zovuta, zosankha zopweteka ndi njira zopanda kamuvi. Chowiringula chakuti omvera safuna kuganiza chidatha mphamvu.

Nanga n'chifukwa chiyani ndikadali pamphasa? Chifukwa cha mapiri ndi gombe la m'kafilimu kaja. Okonda gemuyi ambiri amakhulupirira kuti malowo ndi Hammerfell, kwawo kwa Saadia ndi Kematu, ndipo ngati alondola ndiye kuti olemba ali ndi nkhokwe yodzaza. Hammerfell ndi dziko la a Redguard, anthu akuda a mu Tamriel, amene makolo awo adawoloka nyanja dziko lawo la Yokuda litamira. Ndi anthu ogawanika pawiri. A Crown amagwiritsa miyambo ndi milungu ya makolo; a Forebear adalandira zovala, mayina a milungu ndi makhalidwe a ufumu waukulu. Ufumuwo utasaina pangano lopereka gawo la dziko lawo kwa adani, a Redguard adakana, ufumu n'kuwataya, iwo n'kumenya okha nkhondo zaka 5 mpaka adaniwo adachoka. Wowerenga mabuku a kuno kwathu safunika kumuuza kuti mkangano wa chikhalidwe cha makolo ndi cha obwera ungabale nkhani yotani. Olemba athu akhala akuulima kuyambira kalekale, ndipo sudaguge.

Koma pomwepa ndi pamene mantha anga akulira. Kufikira lero a Redguard awalemba kwambiri kuchokera kunja. Mu Morrowind ndi mu Oblivion ankawatchula kuti ankhondo obadwa nalo luso, n'kuwapatsa manambala okwera pa mphamvu ndi kupirira, otsika pa nzeru. Kunena chilungamo, a Nord oyera khungu nawonso adawamana nzeru chimodzimodzi, koma chithunzi cha munthu wakuda wamphamvu m'manja, wopepuka m'mutu, chili ndi mbiri yake kunja kwa gemu imene a Nord alibe. Mu Skyrim alonda a m'misewu amangodabwa ndi malupanga awo okhota. Gemu imodzi yokha, Redguard ya 1998, ndiyo idaika mmodzi wa iwo, Cyrus, pakati pa nkhani, ndipo sidagulidwe kwenikweni. Ngati gawo latsopanoli lidzakhaladi kwawo, olemba adzayenera kuwapatsa ansembe awo onama, alakatuli awo, akatswiri awo a mbiri otsutsana, monga adachitira ndi anthu a ku Vvardenfell. Njira yachidule ilipo ndipo ndi yokopa: chipululu chachikulu chomwazidwa ndi makina, mahema, nduwira ndi malupanga okhota, zonse zowala bwino pakanema.

Tsiku limene kafilimu kachiwiri kadzatuluke, anthu adzawerenga kukula kwa mapu ndi kusirira momwe mchenga ukuulukira. Ine ndidzadikira kufikira nditalowa mumzinda wa Taneth, ngati udzakhalemo. Ndidzafunsa wogulitsa nsomba padoko kuti adatsegulira adani chipata ndani, kenaka ndidzakwera kumtunda kukafunsa funso lomwelo kwa wansembe, ndimve ngati adzandiyankhe zofanana.