Galu wa Mapiri Samva Ndodo

M'mphepete mwa nkhalango ya Chongoni ku Dedza, kumene kuli miyala ya zojambula zakale yomwe UNESCO inaiika m'kaundula wa chuma cha dziko lonse lapansi mu 2006, chimanga chikayamba kukhwima anyani amatsika m'phiri. Mlimi wopanda galu wabwino amalimira anyaniwo.

Galu wabwinoyo ndi wachikuda: woonda, wa mphuno yosongoka, wa mchira wopindika. Ku South Africa agalu a mtundu uwu amawatcha Africanis, ndipo mu 1998 kunakhazikitsidwa bungwe lowateteza. Galuyu ali ndi nzeru zakezake. Amadziwa kudzipezera chakudya, choncho saona chifukwa chomvera munthu aliyense. Mukam'menya sagonja, amangosamukira kuseri kwa nkhokwe, n'kumakuyang'anani ndi diso limodzi.

Ndakhala ndikuona mmene bambo wina wachikulire wa m'derali amaphunzitsira agalu otere, ndipo luso lake lonse lagona pa kudekha. Kagalu kakangosiya kuyamwa, palibenso wina amakapatsa chakudya koma iye. Asanaike mkute pansi amaimba likhweru, lomwelomwelo tsiku ndi tsiku, ndipo saliimba pachabe. Pakatha milungu ingapo, likhwerulo limakhala litalowa m'mimba mwa galu. Chingwe safuna.

Nkhuku ndiye mayeso oyamba. Amakhala pansi pakati pa anapiye, kagalu kali pamiyendo. Kakangotukula makutu, iye amanena motsitsa kuti, "Siya." Sakuwa, sabwereza. Kakatembenuza mutu, amakasisita pakhosi. Ndinam'funsa za anthu amene amathira tsabola m'chakudya kuti galu aluse. Anaseka. "Mwana wanga, ukali galu amabadwa nawo. Ine ndimam'phunzitsa pousiyira."

Kumunda sapita nako kokha. Amatenganso galu wamkazi wokalamba, wa chipsera paphewa. Paja galu wamkota sakandira pachabe: kumene wamkuluyo waima, kamwanako kamaimanso, chimene wanyalanyaza, nakonso kamaphunzira kuchinyalanyaza. Apa bamboyo salankhula zambiri. Amangoyenda nawo m'malire a munda m'mawa uliwonse, nkhungu ya ku Dedza isanachoke, mpaka miyendo yawo italoweza pamene mizere yathera.

Phunziro lovuta ndi lomaliza. Nyani wamphongo ali ndi mano aatali kuposa a galu, ndipo akafika pa miyala amatembenuka. Galu wopusa amam'tsatira mpaka kumeneko, n'kubwerako mimba itang'ambika, ngati wabwerako n'komwe. Choncho galu ayenera kuthamangitsa ndi mtima wonse, koma n'kuima magazi ali chiwirire. Kumuuza kuti "Gwira!" angathe ngakhale mwana. Kum'bweza ali pa liwiro ndi pamene pamaonekera katswiri.

Ndinaziona m'mwezi wa Malichi. Anyani analowa chakumtunda, galu wamng'ono uja n'kuwatulukira ngati muvi. Chimanga chinagwedezeka, phiri linayankha kuuwa kwake. Atatsala pang'ono kufika pa thanthwe, likhweru linalira kamodzi. Galuyo anaima, thupi lonse likunjenjemera, maso ali kumwamba kumene nyani anakhala n'kumam'dikira. Anauwanso kawiri, ngati wotsutsa. Kenako anatembenuka.

Bamboyo sanam'tame ndi mawu. Anamasula kansalu, n'kunyema mbatata yootcha imene anasungira nkhomaliro yake, theka n'kum'patsa galu.